Bokosi lopangira mazira a chokoleti a Pasaka: chikombole n'chabwino, koma malangizo ake ndi operewera

Bokosi limene ndikufuna kulifotokoza pano ndinaligula kutatsala milungu itatu kuti Pasaka ifike, ndipo chinandikopa ndi lonjezo lolembedwa pachivundikiro chake, lakuti m'kati mwake muli zonse zimene banja lingafune popanga mazira a chokoleti kunyumba ndiponso pokonzera ana masewera ofunafuna mazira obisika. Ndaligwiritsa ntchito maulendo anayi, katatu ndili ndekha usiku ana atagona, ndipo kachinayi pamodzi ndi ana anga awiri ndi asuweni awo atatu. Zimene ndapeza n'zakuti zipangizo zake zambiri n'zoyenera ndalama imene munthu amapereka, koma kabuku kake ka malangizo kasiya chinthu chimodzi chimene ntchito yonseyi yatsamirapo, ndicho kutentha kwa chokoleti, ndipo munthu amene sanapangepo zinthu zoterezi akhoza kuwononga chokoleti chabwino n'kumaganiza kuti vuto lili m'manja mwake.

Mukatsegula bokosilo mumapeza chikombole chachikulu cha pulasitiki wolimba woonekera mkati, wa mtundu umene opanga chokoleti amautchula kuti polycarbonate, chokhala ndi maenje awiri ooneka ngati dzira lodulidwa pakati. Mulinso chikombole china chofewa cha silikoni chopangira timazira ndi tiakalulu, paketi ya magalamu 500 ya tizidutswa ta bulauni tosungunula, mapepala onyezimira okulungira, mazira 30 apulasitiki otseguka pakati amitundu isanu, timadengu tisanu tansalu, timakhadi ta zithunzi tolozera malo obisalako mazira, ndi kabuku ka masamba ochepa. Choyezera kutentha mulibe, ndipo palibe tsamba limene likunena kuti chikufunika.

Usiku woyamba ndinatsatira kabukuko monga mmene kalembedwera: sungunulani, thirani m'chikombole, ikani mufiriji kwa mphindi 20, kenaka chotsani. Zonse zinayenda bwino kwambiri moti ndinadabwa, chifukwa magawo awiri a dziralo anatuluka okha osavuta, osalala ndiponso owala. Chimwemwe changa chinatha nditabenthula kachidutswa n'kulawa. M'malo mosungunuka msanga palilime, chinakhala ngati phula, chinasiya mafuta omata kum'kamwa, ndipo kukoma kwake kunali kwa shuga basi, fungo la koko lili patali. Nditawerenga timalemba ting'onoting'ono kuseri kwa paketi ndinapeza chifukwa chake. Tizidutswa timeneti si chokoleti chenicheni ayi, koma ufa wa koko wosakaniza ndi shuga ndi mafuta a mbewu za kanjedza, amene aikidwa m'malo mwa mafuta a koko. Zoterezi zili ndi ntchito yake, ndipo sindikuzinyoza, popeza sizivutitsa munthu pozisungunula ndipo zimapirira kutentha kuposa chokoleti chenicheni. Chimene ndikudandaula nacho n'chakuti pachivundikiro alembapo mawu akuti chokoleti m'zilembo zikuluzikulu, pamene zoona zake azibisa kuseri. N'zodziwika kuti koko anakwera mtengo kwambiri, moti mu Marichi 2024, Pasaka itangotsala masiku ochepa, tani imodzi inapitirira madola 10,000 pamsika wa ku New York chifukwa cha kuchepa kwa zokolola ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, maiko awiri amene amalima koko woposa theka la koko yense wa padziko lapansi. Choncho ndikumvetsa chimene chimakoka opanga zinthu kuti afunefune mafuta otchipa, koma wogula ayenera kuuzidwa poyera chimene akugula.

Kabukuko kamanena kuti paketi ija ikatha mukhoza kugwiritsa ntchito chokoleti chilichonse chimene mumakonda, motsatira njira yomweyo. Apa ndi pamene pali cholakwa chachikulu. Ndinagula chokoleti chakuda chabwino, chokhala ndi koko wokwana 70 peresenti, ndipo ndinachita zomwe zija. Patapita mphindi 20 dzira linakana kutuluka. Ndinagogoda chikombole patebulo, ndinachibwezera mufiriji, ndinagogodanso, mpaka gawo limodzi linatuluka lili zidutswa zitatu, pamene linalo ndinachita kulikomba ndi supuni. Zidutswazo nditazisiya pambale mpaka m'mawa, ndinazipeza zili ndi mizere yotuwa ngati zagwera phulusa, ndipo ndikazigwira zinkanyenyeka n'kumata zala.

Chifukwa chake chili m'mafuta a koko, ndipo ndifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ndicho chimene kabukuko kanayenera kunena. Mafuta amenewa akamauma, tizigawo take tating'onoting'ono timatha kuyalana m'njira zisanu ndi imodzi zosiyana, zimene akatswiri amazitchula ndi manambala. Mwa zonsezo, yachisanu ndiyo imene imapereka chokoleti chowala, cholimba, chimene chimathyoka ndi kaphokoso kakuti thyo, ndiponso chosungunuka pa madigiri 33 kapena 34, pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu, n'chifukwa chake chimalimba m'mbale koma chikafika palilime chimasungunuka. Chokoleti cha m'sitolo chimabwera chitayalana kale mwanjira imeneyi. Mukachisungunula mumaphwasula mayalidwe onsewo, ndipo mukangochisiya kuti chiume chokha, kapena kuchithamangitsira mufiriji, chimauma mwachisawawa m'njira zofooka zija. Pali chinanso chimene chimakhudza chikombole mwachindunji: chokoleti chouma mwanjira yoyenera chimanyala pang'ono n'kudzikoka chokha kuchoka ku makoma a chikombole, pamene chouma molakwika sichinyala mokwanira, ndiye chimakakamira.

Njira yokonzera vutoli si yovuta monga mmene anthu amaiopera, koma imafuna choyezera kutentha ndi kuleza mtima. Ndinadula chokoleti m'tizidutswa n'kuchigawa patatu. Magawo awiri ndinawaika m'mbale youma bwino, yokhazikika pamwamba pa poto wa madzi otentha koma osabwata, ndipo ndinaonetsetsa kuti pansi pa mbale sipakukhudza madziwo. Atasungunuka n'kufika pakati pa madigiri 45 ndi 50, ndinaphula mbaleyo, ndinaipukuta kunsi, n'kuyamba kuthiramo gawo lachitatu lija pang'onopang'ono uku ndikutakasa osalekeza. Tizidutswa tosasungunuka timeneti ndito timabweretsa mayalidwe oyenera, ndipo chokoleti chonse chimatengera pa ito pamene chikuzizira. Chikatsika kufika pa madigiri 31 kapena 32 ndiye kuti chakonzeka. Chokoleti chamkaka chimafuna madigiri 29 kapena 30, ndipo choyera chimafuna 28 kapena 29, chifukwa mafuta a mkaka amene ali m'menemo amachifewetsa. Musanathire m'chikombole, viikani nsonga ya mpeni n'kuiika pambali. Ngati chokoleti chauma pasanathe mphindi zisanu, chosalala ndiponso chopanda mizere, pitirizani. Ngati chikadali chonyowa, takasaninso ndi kuwonjezera tizidutswa tina. Ntchito yonseyi inanditengera pafupifupi theka la ola, ndipo malangizo ake akanakwana pa tsamba limodzi la kabuku kaja.

Madzi nawonso kabukuko sikawatchula, chonsecho dontho limodzi lokha, ngakhale la nthunzi yochokera mu poto, likhoza kusandutsa mbale yonse kukhala phala lolimba lamibulumibulu, chifukwa shuga ndi ufa wa koko zimanyowa n'kugwirana. Zikatero musataye. Chokoleti choterocho sichingalowenso m'chikombole, koma mukathiramo kirimu wa mkaka wotentha chimasalalanso n'kukhala choyenera kupangira timipira tofewa timene nditchule patsogolopa.

Tsopano ndinene zabwino za chikombole cholimba chija, chifukwa ndicho chuma chenicheni cha bokosili. Ndinachipukuta mkati ndi thonje louma mpaka chinawala, popeza chokoleti chimatengera ndendende nkhope ya chimene chagonapo, ndipo kachidindo ka chala kakatsala m'chikombole kamaonekeranso padzira. Ndinathira chokoleti m'maenje onse awiri, ndinapendeketsa chikombole uku ndi uku kuti makoma onse akutidwe, kenaka ndinachivundikira pamwamba pa mbale kuti chotsala chikhe, n'kupala m'mphepete ndi mpeni wowongoka bwino. Chitayamba kugwira ndinabwerezanso kachiwiri, makamaka m'mphepete, chifukwa m'pamene magawo awiri amakumana ndipo pakapyapyala dzira limasweka polumikiza. Ubwino wa pulasitiki woonekera mkati ndi wakuti mumaona ndi maso nthawi imene dzira lakonzeka. Mukayang'ana kunsi kwa chikombole, poyamba chokoleti chimaoneka chakuda chomatirira, kenaka pamayamba kuoneka kamtambo koyererako kochokera m'mphepete kulowera pakati, kamene ndi mpweya wolowa pamene chokoleti chikudzikoka. Kamtamboko katakuta paliponse ndinatembenuza chikombole, ndipo magawo onse awiri anagwera pansalu okha, akuwala moti nyali ya kukhitchini inkaonekeramo. Powalumikiza ndinafunditsa thireyi yachitsulo pang'ono, ndinakhudzitsa m'mphepete mwa gawo lililonse kwa kamphindi, n'kuwaphatikiza timaswiti tili kale mkati.

Ndili pa ntchito imeneyi ndinakumbukira kuti dzira lopanda kanthu mkati lotereli silinali lotheka kwa nthawi yaitali. Kale chokoleti chinali chakumwa, ndipo zinthu zinasintha pamene banja la Van Houten ku Amsterdam linapeza njira yofinyira mafuta kuchoka mu koko mu 1828. Mafuta amenewo atabwezeredwa mu ufa wa koko ndi shuga, panapezeka chokoleti chotheka kuthira m'chikombole. Kampani ya J. S. Fry & Sons ya ku Bristol inapanga chokoleti chodya choumbidwa mu 1847, ndipo mu 1873 inatulutsa dzira la chokoleti loyamba ku Britain, kenaka Cadbury inatsatira mu 1875. Mbiri yonse ya dzira limeneli yagona pa mafuta a koko, omwe aja amene paketi ya m'bokosili ilibe.

Chikombole cha silikoni sichifika pa chinzakecho. Timazira totuluka m'menemo sitiwala kwenikweni ngakhale chokoleti chitakonzedwa bwino, ndipo popeza n'chofewa chimapindika mukachinyamula, choncho muyenera kuchiika pathireyi musanathire kanthu. Makutu a tiakalulu ndi opyapyala ndipo atatu mwa khumi ndi awiri anathyoka potulutsa. Komabe ndicho chimene ana angagwiritse ntchito okha, chifukwa chimangofuna kukankha ndi chala kunsi, ndipo pa ntchito imeneyi tizidutswa ta m'paketi tija tinathandiza, popeza ana safunika kudikira choyezera kutentha.

Tsamba limodzi la kabukuko ndiliyamikire, ndilo la timipira tofewa ta chokoleti ndi kirimu. Muyeso wake ndi wolondola: magawo awiri a chokoleti chakuda pa gawo limodzi la kirimu, monga magalamu 200 pa magalamu 100. Mumatenthetsa kirimu mpaka atatsala pang'ono kubwata, mumamuthira pa chokoleti choduladula, mumadikira mphindi ziwiri, kenaka mumatakasa kuyambira pakati mpaka zonse zitasalala. Zikazizira n'kulimba mumaumba timipira n'kutigubuduza mu ufa wa koko. Pano sipafunika kuyeza kutentha, ndipo akuluakulu amene anabwera anakonda timeneti kuposa china chilichonse. Chokhacho n'chakuti kirimu sachedwa kuwonongeka, choncho timipirati tizisungidwa mufiriji m'chotengera chotseka bwino ndipo tidyedwe pasanathe mlungu umodzi.

Mbali ya masewera ndiyo imene opanga bokosili anaiganizira bwino kwambiri. Mwambo wobisa mazira ndi wakale ku Ulaya. M'zaka za m'mbuyomo Akhristu sankadya mazira m'masiku 40 a Lenti, koma nkhuku sizinkaleka kuikira, motero pofika Pasaka mazira ankakhala ochuluka, ndipo ankawaphika, kuwapaka mitundu ndi kupatsana. Mu 1682 dokotala wina wa ku Germany, Georg Franck von Franckenau, analemba za kalulu amene ana ankauzidwa kuti amabisa mazira m'munda, ndipo anthu ochokera ku Germany ndiwo anapita ndi mwambowu ku Pennsylvania, ku America, m'zaka za m'ma 1700. Ku Washington ana akhala akugubuduza mazira pakapinga wa ku White House, nyumba ya pulezidenti wa America, kuyambira mu 1878, mu nthawi ya Pulezidenti Rutherford B. Hayes. Koma aliyense amene anakonzapo masewerawa amadziwa vuto lake, lakuti mwana wamkulu amatola mazira khumi wamng'ono asanapeze ngakhale limodzi, ndipo chisangalalo chimathera m'misozi.

Bokosili lathetsa vutoli mwanzeru. Mazira 30 aja ali m'mitundu isanu, lililonse la mtundu wofanana ndi kadengu kamodzi, choncho mwana aliyense amafunafuna mazira asanu ndi limodzi a mtundu wake okha. Izi zinatipatsa mwayi wobisa molingana ndi msinkhu. Achikasu, a mwana wa zaka zitatu, tinawaika poonekera, pakapinga ndi pamwamba pa mpando. Obiriwira, a mtsikana wa zaka khumi, agogo ake anawabisa m'nthambi za mtengo, kuseri kwa mphika wa maluwa, ndi limodzi m'nsapato yakale imene inali pakhonde. Chinandigwira mtima n'chakuti mtsikanayu atapeza dzira lachikasu pansi pa tsamba sanalitole, koma anaima pafupi n'kuitana kuti, "Azakhali, muuzeni ayang'ane kuno, koma musamuuze kuti lili pati." Kamwanako kanabwera kakuthamanga dengu likukwekwereka pansi, kanazungulira mapazi a msuweni wake kawiri, kenaka kanaliona n'kukuwa ngati kapeza chinthu chimene palibe wina anachionapo. Mpikisano unasanduka kuthandizana popanda munthu wamkulu kulalikira kanthu, ndipo ulemu wa zimenezi ndikuupereka kwa amene anaganiza zofananitsa mitundu ya mazira ndi madengu.

Mazira apulasitikiwo ndi olimba ndipo ambiri amatsekeka bwino, ngakhale anayi ankatseguka okha mpaka tinawamata ndi tepi. Timakhadi ta zithunzi n'tothandiza kwa ana amene sanayambe kuwerenga, koma zithunzi zina n'za zinthu zimene si nyumba iliyonse ili nazo, ndipo akanachita bwino kuikamo timakhadi tina topanda kanthu kuti makolo ajambule okha.

Pamene ndikutsutsana ndi kabukuko ndi pa langizo lakuti mukulunge timazira ta chokoleti m'mapepala onyezimira n'kutibisa panja mwachindunji. Mwina analemba poganizira m'mawa wozizira wa kumaiko a kumpoto, kumene Pasaka, imene imagwa pakati pa 22 Marichi ndi 25 Epulo, imafika chisanu chikungotha ndipo mitengo ikuyamba kuphukira. Koma chokoleti chimayamba kufewa chisanafike n'komwe madigiri 30, ndipo dzuwa likachiomba mwachindunji, ngakhale kunja kukuzizira, sichitenga nthawi. Ndinayesa ndi timazira tiwiri tokha. Kamodzi tinakapeza katafewa ngati phala m'pepala lake, ndipo kena nyerere zinali zitakapeza kale. Njira imene inatiyendera ndi yobisa mazira apulasitiki okhala ndi mabatani akuluakulu kapena timapepala tolembedwa manambala, ndipo masewera atatha mwana aliyense anabwera patebulo la m'nyumba kudzasinthanitsa zimene watola ndi chokoleti chimene chinali pamalo ozizira. Ana sanadandaule, ndipo kusinthanitsako kunakhala ngati masewera achiwiri.

Palinso machenjezo amene ndinayembekezera kuwapeza pa bokosi lopangira ana koma mulibe, ndipo ili ndi dandaulo limene ndikulinena ndi mtima wonse. Timazira tolimba tating'ono tikhoza kutsamwitsa mwana wosakwana zaka zinayi, choncho wamng'ono uja tinam'patsa zidutswa zopyapyala za dzira lalikulu, zimene zimasungunuka msanga m'kamwa, ndipo mazira ake apulasitiki tinawasiya opanda kanthu mkati. Chokoleti chambiri chimapangidwira m'mafakitale amene amagwiritsanso ntchito mtedza, mkaka ndi soya, motero ndi bwino kufunsa makolo a ana oitanidwa ngati pali chakudya chimene thupi la mwana wawo limadana nacho, ndiponso kusunga mapaketi kuti awerenge okha. Ngati pakhomo pali galu, atsekeredwe mpaka zonse zitatoledwa, chifukwa mu koko muli mankhwala otchedwa theobromine amene thupi la galu limachedwa kuwachotsa, ndipo chokoleti chakuda ndicho choopsa kwambiri kwa iye. Pa chifukwa chomwechi, amene akubisa alembe papepala malo onse ndi kuwerenga mazira pamapeto. Amene angafune kubisa mazira enieni ophika asawasiye kunja kwa firiji kupitirira maola awiri ngati akufuna kuti adyedwe.

Za kasungidwe kabukuko kamangoti ikani mufiriji, koma kwa dzira loumbidwa bwino malo abwino ndi ouma, amdima, a madigiri pakati pa 15 ndi 18, kutali ndi zinthu zafungo monga anyezi, chifukwa mafuta a koko amatenga fungo msanga. Ngati nyumba ndi yotentha ndipo firiji n'njosapeweka, tsekerani dziralo m'chotengera chosalowa mpweya, ndipo mukachitulutsa musachitsegule mpaka chitasiya kuzizira. Mukatsegula msanga, chinyezi chimagwera pachokoleti, chimasungunula shuga wapamwamba, ndipo chikauma chimasiya timadontho toyera tokhakhala.

Kodi bokosili n'loyenera kugula? Kwa banja limene likufuna masewera okonzeka bwino ndi chikombole chokhalitsa, yankho langa ndi inde, pokhapokha mugulirepo choyezera kutentha ndi chokoleti chenicheni, chimene pa mndandanda wa zosakaniza zake pali mafuta a koko osati mafuta a mbewu zina. Mukapeza cholembedwa kuti couverture ndiye bwino koposa, chifukwa chili ndi mafuta a koko osachepera 31 peresenti ndipo chimayenda mosavuta m'chikombole. Kwa munthu amene akuganiza kuti agula madzulo a Loweruka n'kupanga zonse usiku womwewo kuti ana adzuke mazira ali tayale Lamlungu m'mawa, ndingamulangize kuti ayambe mlungu umodzi zisanachitike ndipo ayese kamodzi ali yekha. Chikombole cholimbacho musachikweche ndi chinthu chokanda, chifukwa kamzere kalikonse kadzaonekera pa mazira onse amtsogolo. Changa ndinachitsuka ndi madzi ofunda, ndinachiumitsa bwinobwino, ndipo ndachikulunga m'nsalu yofewa pamodzi ndi kapepala kamene ndalembapo madigiri aja, kuti chaka chamawa ndisadzadalirenso kabukuko.